Kukonzanso nyumba ya kumudzi ndi mawindo akale ndi zipangizo zogumula: malangizo a ku Salima ndi ku Nkhotakota

Felemu ya windo yachitsulo yochoka pa nyumba yogumulidwa ikhoza kutumikira zaka zina zambiri, ndipo kawirikawiri chitsulo chake chimakhala chochindikala kuposa cha mafelemu otchipa amene amawotcherera m'mbali mwa msewu. Njerwa, zitseko ndi malata akale nazonso zimapulumutsa ndalama. Koma chinthu chakale chimabwera ndi muyezo wakewake, ndiye khoma ndi limene liyenera kutsatira windo. Musagumule khoma mawindo asanafike pakhomo. Malangizowa ndi a nyumba yapansi ya njerwa zootcha kapena ya zidina, yofolera malata.

Nthawi yoyambira

Yambani mvula itatheratu, mu Meyi kapena Juni, kuti denga likhale latha Novembala asanafike. Kuno kunyanja miyezi ya Juni ndi Julayi kumawomba mwera, ndipo lata lonyamulidwa pamwamba mphepo ikuwomba limatha kugwetsa munthu kapena kumucheka. Za padenga chitani m'mamawa kusanayambe mphepo. Pulasitala wa mu Okutobala amauma msanga ndi dzuwa la ku Salima n'kung'aluka, pokhapokha mukhale ndi madzi omuthirira tsiku lililonse.

1. Yenderani nyumba musanagule kanthu

Lowani m'nyumba masana, tsekani chitseko, muyang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala ndi pamene pamadontha. Bayani mitengo ya denga ndi msomali waukulu, makamaka pamene mtengo wagona pakhoma. Ngati msomali ukulowa ndi dzanja lokha, chiswe chadya m'kati ngakhale kunja kukuoneka bwino.

Kenako onani ming'alu. Mng'alu wa mu pulasitala mokha si vuto. Umene wadutsa khoma lonse, wotsika mopingasa kuchoka pakona ya windo kapena ya chitseko, ukusonyeza kuti maziko akuyenda. Izi zimachitika kwambiri pa dothi lamakande la m'madambo ndi kufupi ndi minda ya mpunga: limafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe. Matani kachigamba kopyapyala ka simenti podutsa mng'aluwo, mudikire milungu 4. Kakasweka, khomalo likuyendabe, ndipo musabowolemo windo mmisiri wodziwa asanaone maziko.

Khoma lopendekeka muliyeze ndi chingwe chomangirira mwala. Likapatuka kuposa masentimita 5 kuchoka pamwamba kufika pansi, ligumuleni ndi kulimanganso ndi njerwa zake zomwezo.

Dongosolo la ntchito ndi ili: denga ndi madzi a pansi poyamba, mawindo ndi zitseko pambuyo, pulasitala ndi pansi, ndipo magalasi ndi penti pomaliza.

2. Kusankha zakale

Pitani ndi tepi, msomali ndi kope lolembamo miyezo. Kaya mukugula kwa munthu amene wagumula nyumba, pa Kamuzu Road, ku Dwangwa kapena ku Lilongwe, wogulitsa akulembereni kalata yosonyeza zimene mwagula ndi mtengo wake. Mafelemu ndi malata amabedwa m'nyumba zosatha, ndipo kalatayo ndiyo idzakuyankhireni kwa amfumu kapena kupolisi.

Felemu yachitsulo igonekeni pamalo osalala. Yezani mopingasa kuchoka pakona ina kufika pakona yoyang'anizana nayo, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo isasiyane kuposa mamilimita 5. Kanikizani kona iliyonse: felemu ikamagwedezeka ndiye kuti inapotoka poizula, ndipo magalasi adzasweka mukamatseka. Chitsulo cha m'munsi ndicho chimayamba kudyeka chifukwa madzi amakhazikika pamenepo. Dzimbiri la pamwamba limachoka, koma chitsulo chimene chikufundukuka zigamba kapena kubooka ndi msomali chiyenera kudulidwa kuti wowotcherera aikepo china. Werengerani ndalama imeneyo musanagwirizane mtengo. Tsegulani ndi kutseka kachitseko kalikonse, muone mahinjesi ndi zogwirira.

Felemu yamatabwa ibayeni m'munsi ndi kumbuyo kumene kunali m'khoma. Ya mlombwa kapena mbawa, ngakhale yakuda ndi utsi, ndi yabwino kuposa ya paini yatsopano. Ikawola phazi lokha, kalipentala amadula n'kulumikiza thabwa lina.

Malata akwezeni moyang'ana dzuwa. Mabowo a misomali yakale ndi otsekeka, koma lata lodzaza timabowo ta dzimbiri pakatikati latha ntchito, lipite ku khola la mbuzi. Funsani geji: nambala yaing'ono ndi lata lochindikala, moti 28 amaposa 30 ndi 32. Musasakanize malata a IBR, a mizere ya makona, ndi a mizere yozungulira pa denga limodzi, salumikizana.

Malata akale a asibesitosi, otuwa ooneka ngati simenti, musagule ngakhale aulere. Fumbi lake mukamadula kapena kubowola limayambitsa matenda a m'mapapo amene amadzaonekera patapita zaka zambiri.

Njerwa zimene zinamangidwa ndi matope zimayera mosavuta ndi chikwanje chobuntha. Zomangidwa ndi simenti zambiri zimasweka pozipala. Gundanitsani ziwiri: yabwino imalira mwakuthwa, yosapsa imalira mogonthera. Za kukhitchini zodzaza mwaye musaziike pa khoma limene mudzapake pulasitala, chifukwa mwaye umatulukira pamwamba pa penti. Zidutswa sungani, zidzalowa pansi pa simenti. Pa njerwa za masentimita 23 m'litali, khoma la njerwa imodzi limadya pafupifupi 50 pa sikweya mita, ndipo la njerwa ziwiri limadya 100. Zikombole za m'midzi zimasiyana, ndiye yalani mzere umodzi pansi muwerenge nokha.

Zogula zatsopano ndi izi: simenti, zitsulo za lintala (mtanda wa konkire wogona pamwamba pa windo kapena chitseko), waya womangira denga, misomali ya malata ndi pate womatira magalasi. Apa musaumire.

3. Denga

Chotsani malata mzere umodzi umodzi, ndipo lembani nambala pa lililonse ndi makala. Mukalibwezera pamalo pake, mabowo akale amagwera pa thabwa lomwelo. Misomali izuleni ndi hamala mutaika kathabwa pansi pake kuti mzere wa lata usaphwanyike. Mtengo uliwonse wodyeka ndi chiswe uchoke ndi kutenthedwa. Watsopano, kaya bulugamu kapena paini, ukhale wouma, wosendedwa makungwa, ndipo mupake mankhwala a chiswe monga solignum musanaukweze, makamaka kumapeto kumene mwadula.

Madenga ambiri amene amasasuka ndi mphepo ya mvula zoyamba amauluka ndi mitengo yake yomwe, chifukwa mitengoyo inangogona pakhoma. Njerwa ndi miyala yoika pamwamba pa malata sizithandiza kwenikweni, ndipo zikagwa zimavulaza. Bowolani khoma mizere 5 kapena 6 ya njerwa kutsika kuchoka pamwamba, pansi pa phaso lililonse. Lowetsani waya wochindikala wosachita dzimbiri, wopinda pawiri, muukoloweke pamwamba pa phaso, muupote ndi chitsulo mpaka ulimbe. Pa khoma la zidina tsikani pansi kwambiri, ndipo m'bowomo muike kathabwa kolimba kuti waya asacheke dothi. Pulasitala adzaubisa.

Matabwa okhomerapo malata atalikirane masentimita 90 ngati malata ndi opyapyala. Yambani kufolera kumbali imene mphepo ya mvula imapita, osati kumene imachokera, kuti milomo ya malata ifulatire mphepo. M'mbali lata likwere linzake mzere umodzi ndi theka, ndipo polumikiza m'litali likwere masentimita 15 mpaka 20. Msomali ulowe pamwamba pa mzere, osati m'ngalande moyenda madzi. M'mphepete mwa denga ndi pamsonga khomani pafupipafupi, popeza mphepo imayambira pamenepo kunyamula. Mabowo akale otsala atsukeni, aume, muwamate ndi tepi ya phula yomatira malata. Malata abwino aikeni pamwamba pa zipinda zogona, ofookerapo pakhonde.

Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita 60. Pa nyumba ya zidina zimenezi ndi zimene zimasunga khoma. Mipata ya pakati pa khoma ndi malata itsekeni ndi njerwa ndi matope, chifukwa udzudzu ndi mileme zimalowera pamenepo.

4. Madzi a m'munsi mwa khoma

Khoma likamafumbutuka m'munsi, vuto ndi madzi ogwa padenga amene amathovukira pakhoma ndi kukhazikika m'mbali mwa maziko. Chotsani njerwa zofumbutuka pang'onopang'ono, osapitirira masentimita 60 nthawi imodzi, muikemo zootcha bwino ndi simenti, zilimbe masiku 2 musanasunthire patsogolo. Mukatha, zungulizani nyumba ndi khonde la masentimita 60 mpaka mita imodzi lotsetserekera kunja. Njerwa zakale zoyala chogona n'kuthira simenti m'mipata zimakwanira. Kumbani ngalande yotengera madzi kutali, ndipo chulu chimene chili pafupi chikumbidwe.

5. Kukonza felemu isanalowe m'khoma

Chotsani magalasi onse, ngakhale athunthu. Pate wakale amalimba kwambiri, ndiye mutseme pang'onopang'ono ndi tchizulo mutavala zoteteza maso ndi manja. Galasi lililonse lilembeni nambala ya malo ake ndi kuliimika chilili pamalo osafika ana.

Palani dzimbiri ndi bulashi ya waya, kenako sandipepa. Penti yakale kawirikawiri imakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Musaiwotche ndi moto. Nyowetsani popala kuti fumbi lisauluke, gwirani ntchitoyi panja kutali ndi pophikira, ndipo zopalidwazo muzisonkhanitse ndi kuzikwirira kutali ndi chitsime.

Pogumula nyumba, timakutu tachitsulo togwira m'khoma timaduka. Wowotcherera aike tatsopano ta masentimita 15, tiwiri mbali iliyonse, topinda kumapeto. Zitsulo zotchinga akuba ziwotchereredwe tsopano lino, popeza moto wa wowotcherera umaswa galasi ndi kupsereza penti. Pa chipinda chogona chilichonse ganizirani potulukira moto utabuka. Mukatha kupala ndi kuwotcherera pakani red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, tsiku lomwelo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chitsulo chopalidwa chikagona usiku ndi chinyezi cha kunyanja, m'mawa chimakhala chayambanso kufiira.

Felemu yamatabwa ipakeni mankhwala a chiswe kumbuyo ndi m'mapazi, ndipo mukhomere misomali ya mainchesi 6, itatu mbali iliyonse, yotsala kunja theka kuti igwire m'matope a simenti.

6. Lintala ndi kubowola khoma

Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Felemu ya windo sinyamula khoma. Pamene palibe lintala, njerwa zimatsamira pafelemu, felemu imapinda, windo limakana kutseka, ndipo galasi limasweka lokha.

Ngati windo limene mwagula ndi laling'ono kuposa bowo limene lilipo, ntchito ndi yochepa: mangani m'mbali ndi njerwa, mukulowetsa mano m'khoma lakale pa mzere wachitatu uliwonse kuti zisadzasiyane. Ngati ndi lalikulu msinkhu wokha, gumulani m'munsi, lintala yakale musaikhudze. Pamene mukukulitsa m'mbali kapena kubowola malo atsopano, pakufunika lintala yatsopano.

Malo a windo akhale masentimita 60 kapena kuposa kuchoka pakona ya nyumba, ndiponso kuchoka pa chitseko kapena windo lina. Kuno kotentha, mawindo awiri oyang'anizana amaziziritsa chipinda kuposa limodzi lalikulu, ndipo windo lalikulu la kumadzulo limalowetsa dzuwa la masana limene limatenthetsa chipinda mpaka usiku. Pa khoma la zidina musapitirire mita imodzi m'lifupi.

Lintala iumbeni pansi. Ya windo losaposa mita 1.2, pangani chikombole cha matabwa cha masentimita 11 m'lifupi ndi 15 msinkhu. Kutalika kwake ndi bowo kuphatikiza masentimita 20 mbali iliyonse, kapena 30 pa zidina. Khoma la njerwa ziwiri limafuna malintala awiri otere. Ikani zitsulo ziwiri za Y10 (zochindikala mamilimita 10) m'munsi, zitakwezedwa masentimita 2.5 pa timiyala kuti konkire izikute. Sakanizani chidebe chimodzi cha simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje ndi zinayi za miyala ya kwale yaing'ono. Madzi akhale ochepa, ndipo sinjani ndi ndodo kuti mphako zituluke. Lembani pamwamba konkire ikadali yaiwisi kuti mudzadziwe kumwamba. Lintala yozondotsa, zitsulo zili pamwamba, imathyoka. Ifunditseni masaka onyowa, muzithirira masiku 7, ndipo musainyamule masiku 14 asanakwane. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lobowola, chirikizani mapaso amene agona pamwamba pa malowo ndi mitengo yolimba yoima pa thabwa. Jambulani bowo ndi makala mbali zonse ziwiri za khoma, lokulirapo sentimita imodzi ndi theka kuposa felemu mbali iliyonse. Pa khoma la njerwa ziwiri, semani ngalande ya lintala mbali imodzi yokha, kufika theka la khoma. Nyowetsani, yalani matope a simenti pamene mapeto a lintala akhale, lowetsani lintala, muyeze ndi levulo. Mpata wa pamwamba pake muutseke ndi matope ouma pang'ono a muyezo umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga, mukusinja ndi kathabwa mpaka asalowenso. Patatha masiku 3 chitani chimodzimodzi mbali inayo. Patatha ena 3, chotsani njerwa za m'munsi kuyambira pamwamba, imodzi imodzi, ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono. Hamala yaikulu imagwedeza khoma lonse, makamaka lomangidwa ndi matope.

Khoma la njerwa imodzi silingasemedwe theka. Pamenepo chirikizani denga, phwasulani njerwa kuchoka pamwamba pa khoma kufika pa lintala, muike lintala, mumangenso.

7. Kuimika felemu

Semani timabowo m'mbali molowa timakutu. Tsekani tizitseko tonse ta windo ndi kutimanga ndi waya kuti felemu isapotoke. Onetsetsani kuti latembenukira koyenera: mawindo achitsulo amatsegukira kunja, ndipo pate amakhala kunja. Imikani pa timitengo tosongola, muyeze ndi levulo m'munsi, m'mbali ndi kutsogolo, kenako muyezenso mopingasa monga munachitira pogula. Felemu ilowe m'kati masentimita 5 mpaka 8 kuchoka pa nkhope ya khoma yakunja kuti mvula isamaigunde mwachindunji.

Pingasani thabwa pakati pa felemu kuti matope asaikankhire m'kati. Nyowetsani njerwa, mudzaze mipata yonse ndi matope a muyezo umodzi wa simenti pa inayi ya mchenga, mpaka m'mimba mwa chitsulo. Mphako yotsala imasunga madzi ndipo dzimbiri limayambira m'menemo. Timitengo tichoke patatha masiku 2, mabowo ake atsekedwe. Musatsegule windo masiku 3 asanathe.

M'munsi mwa windo kunja umbani kampando kotsetserekera kunja, kotuluka masentimita 4 kupitirira khoma. Kunsi kwake lembani kangalande ndi msomali simenti ikadali yofewa. Kangalandeko kamadula madzi kuti adonthere pansi m'malo mobwerera kukhoma. Mizere yakuda imene mumaiona pansi pa mawindo ambiri imabwera chifukwa chosowa kameneka.

8. Pulasitala ndi pansi

Yesani mchenga: thirani m'botolo kufika theka, onjezani madzi, khutchumulani, musiye usiku. Matope okhala pamwamba pa mchenga akaposa gawo limodzi mwa 10, mchengawo ndi wofunika kutsuka. Wa m'mphepete mwa nyanja nthawi zambiri ndi wosalala kwambiri, umadya simenti ndi kung'alula pulasitala. Wa kumtsinje wosefa ndiwo wabwino.

Thumba la simenti la makilogalamu 50 lilowe m'mawilibala atatu osasefukira a mchenga. Limapaka pafupifupi masikweya mita 10 pa pulasitala wa sentimita imodzi ndi theka. Gumulani pulasitala yense wolira mphako mukamugogoda. Ngati njerwa zinamangidwa ndi matope, kokotani m'mizere sentimita imodzi kuti simenti ipeze pogwira. Tsukani fumbi, nyowetsani khoma, ndipo mukapaka muthirire m'mawa ndi madzulo masiku 7. Pamene khoma latsopano lakumana ndi lakale, khomani waya wa nkhuku wa masentimita 30 m'lifupi musanapake, apo ayi mng'alu udzatsata mzere womwewo.

Simenti simagwirana ndi zidina: imafundukuka zigamba ndipo imabisa chinyontho ndi chiswe kumbuyo kwake. Khoma lotere lizirani ndi dothi losakaniza mchenga, kenako mupake laimu kawiri kapena katatu mopyapyala. Ngati mukufunabe simenti kumbali yomenyedwa ndi mvula, khomani waya wa nkhuku khoma lonselo poyamba.

Pansi, yalani zidutswa za njerwa masentimita 10, sinjani, thirani mchenga, yalani pulasitiki yakuda yokwerana masentimita 20 polumikiza, kenako konkire ya masentimita 7.5 ya chidebe chimodzi cha simenti, zitatu za mchenga ndi 6 za miyala.

9. Magalasi, sefa ndi penti

Galasi la mamilimita 3 limakwana pa timagawo ting'onoting'ono, koma pa zazikulu gulani la 4. Lidulidwe mochepera mamilimita 3 m'litali ndi m'lifupi kuposa malo ake. Chitsulo chimafutukuka ndi kutentha, ndipo galasi lothina limasweka. Galasi lakale limavuta kudula molunjika, lipititseni kwa wodula magalasi, ndipo yezani gawo lililonse palokha popeza felemu yakale silingana paliponse.

Gulani pate wa mafelemu achitsulo ngati felemu ndi yachitsulo. Mufewetseni m'manja, yalani wopyapyala m'ngalande ya felemu, kanikizani galasi m'mbali mwake osati pakati, kenako matani wina kunja ndi kumusalaza motsetsereka ndi mpeni. Pa felemu yamatabwa pakani penti yoyamba m'ngalandemo musanaike pate, chifukwa thabwa louma limamwa mafuta a pate n'kumusiya akugwa, ndipo galasi ligwidwe ndi timisomali ting'onoting'ono. Dikirani masiku 7 mpaka 14 kuti pate agwire khungu, ndiyeno pakani penti ya mafuta kawiri, ikwere pagalasi mamilimita 2 kuti madzi asalowe kumbuyo.

Malungo ndi ochuluka m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndiye windo lopanda sefa ya udzudzu limakhala lotseka usiku wonse ngakhale kutenthe. Popeza windo limatsegukira kunja, sefa ikhale m'kati pa kafelemu ka matabwa opepuka kokhala ndi mahinjesi, kuti muzitha kufikira chogwirira. Kokani sefa ilimbe, muipanikize ndi timatabwa topyapyala m'malo mokhomera misomali pa sefa penipeni, ndipo kafelemuko kagone pakhoma popanda mpata. Timabowo tolowetsa mpweya ta pamwamba pa mawindo natonso tiikidwe sefa.

Mvula yoyamba ikagwa, yenderani m'nyumba ndi choko, mulembe podontha ndi pamene madzi alowera m'mbali mwa felemu, mudzamate kukacha. Chaka chilichonse mu Seputembala thirani mafuta m'mahinjesi, potaninso mawaya a denga amene akhwepa, ndipo pamene penti ya m'munsi mwa felemu yasupuka palani ndi kupakanso red oxide.